Ndalama za mafuta a ku Norway zimafika bwanji m'minda ya nzimbe ku Nchalo

Aliyense woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Thabwa kulowera ku Ngabu amadziwa kuti nzimbe zimene zayala ku Nchalo ndi za Illovo. Koma nanga Illovoyo ndi ya yani? Illovo Sugar Malawi ili pa msika wa masheya ku Blantyre, komabe masheya 76 mwa 100 alionse ali m'manja mwa kholo lake la ku South Africa. Khololo nalo lili ndi mwini wake, Associated British Foods ya ku London, imene inagula theka ndi kachidutswa mu 2006 n'kudzatenga zotsala zonse mu 2016. Mbali yaikulu ya kampani ya ku London imeneyi ndi ya banja la a Weston, ndipo masheya otsalawo anamwazikana m'manja mwa anthu ndi mabungwe ambirimbiri. Pakati pa eni ang'onoang'onowo pali thumba limene boma la Norway limasungiramo ndalama za mafuta.

Ndiye kuti nzimbe zikadulidwa ku Nchalo, shuga n'kugulitsidwa pa msika wa Bangula kapena kunja kwa dziko, kadontho ka phindu lake kamayenda mpaka kukagwera ku Oslo. Palibe nduna ya ku Norway imene inadzayendera mindayi asanagule. N'kutheka kuti amene anadina batani logulira masheyawo sanamvepo n'komwe dzina la Nchalo.

Mukamatumiza ndalama pa kabenchi ka ejenti wa Airtel Money ku Ngabu kapena ku Marka, nkhani yake ndi yofananako. Mu 2021 thumba la boma la Qatar, Qatar Investment Authority, linaika madola 200 miliyoni m'kampani imene imayang'anira Airtel Money m'maiko a mu Africa. Kusiyana kwake n'kwakuti awa anachita kusankha okha, anakambirana mtengo, n'kusainirana. Njira ziwirizi, ya Norway ndi ya Qatar, ndizo zikuluzikulu zimene matumba a maboma amaikira ndalama kunja, ndipo wozisokoneza amayembekezera zinthu zimene sizidzabwera.

Thumba limene tikunenali si ndalama zakunja zimene Reserve Bank imasunga kuti tigulire mafuta, feteleza ndi mankhwala. Zimenezo zimayenera kukhala pafupi, zotengeka tsiku lililonse. Si ndalamanso za penshoni, zimene eni ake amadziwika ndi maina. Izi ndi ndalama zotsala, zimene boma lapeza koma lasankha kusadya lero, n'kuzipereka kwa akatswiri kuti agulire zinthu zobala phindu: masheya, ngongole za maboma ena, nyumba zikuluzikulu, madoko, migodi. Ambiri mwa matumbawa anabadwa ndi mafuta kapena gasi. Ena, monga a ku Singapore ndi China, anachokera ku malonda, dziko likamagulitsa kunja zambiri kuposa zimene limagula. Onse pamodzi akusunga chuma choposa madola 10 thililiyoni.

Kuwait ndiyo inayambitsa mu 1953, ofesi yake ili ku London, dzikolo lisanalandire n'komwe ufulu wodzilamulira. Mu 1976 anaika lamulo loti 10 peresenti ya ndalama zolowa m'boma izipita ku thumba la mibadwo ya m'tsogolo. Ubwino wake unaoneka mu 1990, asilikali a Saddam Hussein atalanda dzikolo. Zitsime za mafuta zinali m'manja mwa adani, boma litathawira ku Saudi Arabia, koma chuma chimene chinali ku London ndi kwina sichinagwe m'manja mwa Iraq. Ndi chomwecho chimene chinasamalira nzika zothawa, kulipira mbali ya nkhondo, n'kudzamanganso dziko.

Bwanji osamanga nazo kwawo?

Munthu wa kuno angafunse msanga kuti, dziko likapeza chuma, bwanji osamanga nacho misewu ndi zipatala m'malo mokagula nyumba ku London? Funsoli lili ndi mphamvu, makamaka kwa dziko losauka. Koma otumiza ndalama kunja ali ndi zifukwa zolemera.

Chachikulu chinaonekera ku Netherlands atapeza gasi wochuluka ku Groningen mu 1959. Ndalama zakunja zikalowa zambiri nthawi imodzi, ndalama ya dziko imakwera mphamvu, malipiro ndi mitengo zimakwera, ndipo china chilichonse chimene dzikolo linkagulitsa kunja chimayamba kudula. Tiyerekeze kuti mgodi wina wayamba kukhuthula madola m'Malawi muno, kwacha n'kulimba. Wooda galimoto ku Japan angavine. Koma mlimi wa thonje ku Ngabu, amene mtengo wake umatsatira msika wa dziko lonse m'madola, angalandire makwacha ochepa pa kilogalamu, pomwe waganyu akufuna zambiri. Thonje, shuga, nandolo ndi chitowe zingafooke, ndipo tsiku limene mgodiwo udzathe, dziko lingapezeke lilibe mgodi, lilibenso mbewu yogulitsa kunja. Mankhwala ake ndi kusiya madolawo kunja n'kumawalowetsa pang'onopang'ono.

Chifukwa china anthu a m'chigwa chino sachita kuphunzitsidwa. Wolima dimba ku Ndindi kapena m'mbali mwa Ruo, ngati ali ndi mbale kumtunda, sasunga matumba onse a chimanga m'nyumba ya kumadzi, poti madzi akabwera amatenga munda ndi nkhokwe usiku umodzi. Dziko la mafuta lili pa ngozi yomweyo. Mtengo wa mafuta ukagwa, monga unagwera kuchoka pa madola oposa 100 pa mgolo mu 2014 kufika pansi pa 30 kumayambiriro kwa 2016, mabanki, nyumba, makampani ndi ndalama ya dzikolo zimagwera limodzi. Thumba likanakhala kuti linaikidwa momwemo, likanaphwa pa nthawi yeniyeni imene likufunika. Amene anali ndi makwacha kubanki mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akumva zimene zikunenedwa pano.

Palinso chifukwa chimene sichinenedwa mokweza: ndalama zikakhala pafupi, andale amazinunkhiza. Ku Nsanje kuli doko limene linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010, pulezidenti Bingu wa Mutharika ali ndi alendo ake Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Bwato la katundu limene linkadikiridwa linagwidwa ku Mozambique, ndipo mpaka lero dokolo silinagwire ntchito imene linamangidwira. Thumba lololedwa kuika ndalama kwawo limalandira zopempha za mtundu umenewu chaka ndi chaka, chilichonse chili ndi mtsogoleri kumbuyo kwake, ndipo wokana amaika ntchito yake pachiswe. Lamulo loti ndalama zonse zipite kunja limamupatsa pobisalira.

Mmene a Norway amachitira

Thumba la Norway ndilo losavuta kulifotokoza chifukwa mabuku ake ali poyera. Mafuta anapezeka pansi pa nyanja, pa malo otchedwa Ekofisk, kumapeto kwa 1969. Lamulo la thumbali linadutsa mu 1990, koma munakhala mopanda kanthu chifukwa bajeti inali yoperewera, mpaka mu 1996 pamene munalowa makrona pafupifupi 2 biliyoni. Linapyola madola 1 thililiyoni mu 2017, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 linali pa madola oposa 1.7 thililiyoni, m'dziko la anthu 5.5 miliyoni okha. Chuma chonse chimene Amalawi timapanga pa chaka mutachichulukitsa ka 100 sichingafikebe pamenepo.

Chofunika kuchimvetsa ndi kayendedwe ka ndalamazo. Boma limadula msonkho wa 78 peresenti pa phindu la makampani okumba mafuta, lili ndi magawo akeake m'zitsime, komanso limalandira phindu kuchokera ku Equinor, kampani imene gawo lake lalikulu ndi la boma. Zonsezi zimapita m'thumba, osayamba zadyedwako. Kenaka Nyumba ya Malamulo imatapamo zotsekera dzenje la bajeti, motsatira mgwirizano wakuti asamatape kuposa phindu loyembekezeka. Kuyambira 2001 malire anali 4 peresenti ya thumba pa chaka, ndipo mu 2017 anawatsitsa kufika pa 3. Ngakhale zili choncho, zotapazo zimalipira gawo limodzi mwa magawo asanu a bajeti yawo, zaka zina kuposerapo. Nthawi ya Covid anatapa mopyola malire, poyera, aphungu atavomereza, kenaka n'kubwerera m'mzere.

Maudindo anagawidwa mwadala. Unduna wa zachuma ndiwo umalemba malamulo: 70 peresenti ipite ku masheya, yotsalayo makamaka ku ngongole za maboma ndi za makampani odalirika, kachigawo kochepa ku nyumba ndi ku magetsi a mphepo ndi dzuwa, ndipo ngakhale krona imodzi isaikidwe m'Norway momwemo. Ogula ndi kugulitsa ndi nthambi ya banki yaikulu yotchedwa NBIM. Nduna siingaimbe foni n'kulamula kuti agule kampani ya mlamu wake.

Nanga makampaniwo amawasankha bwanji? Kwenikweni sasankha. Amatenga mndandanda wa makampani a pa misika ya masheya ya dziko lonse, wokonzedwa ndi kampani ya ku London yotchedwa FTSE Russell, n'kugula kachidutswa ka pafupifupi kampani iliyonse molingana ndi kukula kwake. Umu ndi mmene anafikira, pofika kumapeto kwa 2024, pokhala ndi magawo m'makampani oposa 8,000 m'maiko oposa 60, pafupifupi 1.5 peresenti ya masheya onse a pa misika padziko lapansi. Magawo awo akuluakulu kwambiri ali mu Apple, Microsoft ndi Nvidia, ndipo pafupifupi theka la thumbalo lili ku America. Saloledwa kupyola 10 peresenti ya mavoti m'kampani imodzi, komanso sakhala m'mabodi. Associated British Foods inalowera khomo limeneli, Nchalo ali kumsana. Maganizo awo ndi akuti palibe munthu, kaya aphunzire chotani, amene angamalose molondola chaka ndi chaka kampani imene ikwere. Bola kugula msika wonse, kulipira oyendetsa zochepa, n'kudikira. Kuyambira 1998 phindu lawo lakhala pafupifupi 6 peresenti pa chaka, zaka zabwino ndi zoipa mukaziphatikiza.

Kudikirako kumafuna mtima. Mu 2008, misika itagwa, thumbali linataya 23 peresenti chaka chimodzi. Nyuzipepala za ku Oslo zinalusa. Koma chaka cham'mbuyo mwake anali atagwirizana zokweza gawo la masheya kuchoka pa 40 kufika pa 60 peresenti, choncho pamene ena onse ankagulitsa ndi mantha, iwo ankangogulabe pa mitengo yogwa. Mu 2009 anapindula 25 peresenti. Ine ndimaona kuti apa ndiye pagona mphamvu ya thumba la boma: lilibe wolikongoza amene angaligwire pakhosi msika ukagwa, lilibe makasitomala othamangira kudzatenga zawo. Likhoza kupirira zaka zimene banki wamba singapirire, malinga andale akwawo asanjenjemere.

Zogula mwachindunji n'zochepa. Ali ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a msewu wa masitolo wa Regent Street ku London, ndipo mu 2021 anagula theka la malo opangira magetsi a mphepo a Borssele panyanja ya ku Netherlands.

Ngakhale sakhala m'mabodi, amavota pa misonkhano ya eni masheya, ndipo amalengeza voti yawo masiku asanu msonkhano usanachitike. Mu 2004 anakhazikitsanso malamulo a makhalidwe, ndi bungwe lofufuza makampani osayenera. Walmart inachotsedwa mu 2006 pa nkhani ya ufulu wa antchito. Rio Tinto, yomwe lero ili ndi gawo m'kampani yofuna kukumba rutile ku Kasiya, inachotsedwa mu 2008 chifukwa cha kuononga chilengedwe pa mgodi wa Grasberg ku Indonesia, n'kudzabwezeretsedwa mu 2019. Imene inatikhudza kwambiri ndi ya mu 2010, pamene anataya makampani 17 a fodya, kuphatikizapo Alliance One ndi Universal Corporation, kholo la Limbe Leaf. Kuno ku chigwa fodya si mbewu yathu, koma ndi fodya yemweyo amene amabweretsa madola ogulira mafuta a minibasi za ku Nsanje.

Ogula kuti aoneke ndi kuti alamule

Ku maiko a Aluya a ku Gulf nzeru ndi ina. Abu Dhabi Investment Authority, ya 1976, ndi yofatsa ngati ya Norway, kungoti siulula zambiri. Koma Qatar Investment Authority, ya 2005, ndi Public Investment Fund ya Saudi Arabia zimagula zikuluzikulu, zooneka, ndipo kawirikawiri zimafuna mpando m'bodi. Qatar inagula sitolo ya Harrods ku London mu 2010 ndipo ili ndi gawo lalikulu mu Volkswagen. A Saudi anaika madola 3.5 biliyoni mu Uber mu 2016, n'kugula 80 peresenti ya Newcastle United mu 2021. Anyamata oonera mpira m'mavidiyo sho a ku Nchalo akamakangana za Newcastle kapena Paris Saint-Germain, imene a Qatar anagula mu 2011, amakhala akukangana za ndalama za mafuta ndi gasi. Manchester City yokha njosiyanako: inagulidwa mu 2008 ndi kampani ya Sheikh Mansour mwini, osati thumba la boma, ngakhale kumeneko mzere wolekanitsa banja lachifumu ndi boma ndi wopyapyala.

Phindu amalifuna, koma si lokhalo. Amafuna dzina, abwenzi m'maboma amphamvu, ndi mafakitale oti adzasamukire kwawo mafuta akadzatha ntchito. A Saudi atagula gawo lalikulu la Lucid, kampani ya ku America yopanga galimoto zamagetsi, fakitale yake ina inatsegulidwa ku Saudi Arabia mu 2023. Amafunanso chakudya, poti kwawo ndi chipululu: SALIC, nthambi ya thumba la Saudi, inagula gawo loposa 35 peresenti la Olam Agri mu 2022.

Sikuti nthawi zonse amagula okha. Nthawi zambiri amapereka ndalama kwa makampani a akatswiri ogula ndi kugulitsa mabizinesi, amene amadya 2 peresenti pa chaka ndi 20 peresenti ya phindu. Pothawa malipiro amenewa, matumba akuluakulu masiku ano amaumirira kulowa nawo mwachindunji pambali pa akatswiriwo. A Saudi anapereka madola 45 biliyoni ku Vision Fund, thumba la kampani ya ku Japan ya SoftBank, limene linadzapsa manja ndi WeWork, kampani yobwereketsa maofesi.

Maiko olandira amakhala ndi mitima iwiri. Kuwait itagula masheya a BP oposa 20 peresenti, boma la Britain linailamula mu 1988 kuti itsike kufika pa 9.9. Mu 2006 aphungu a ku America anakuwa mpaka DP World, kampani ya boma la Dubai yoyendetsa madoko, inasiya madoko a ku America amene inali itangowapeza. Koma patangopita chaka, mabanki awo akumira, anthu omwewo anatambasula manja: Abu Dhabi inaika madola 7.5 biliyoni mu Citigroup, China Investment Corporation madola 5 biliyoni mu Morgan Stanley, GIC ya Singapore inalowa mu banki ya UBS ya ku Switzerland. Ambiri mwa opulumutsawa analuza koopsa. Pofuna kuchepetsa kukayikirana, matumbawa anagwirizana mfundo 24 ku Santiago mu 2008, zolonjeza kuulula zolinga zawo ndi kuika ndalama pa zifukwa za malonda. Mfundozo n'zongodzipereka, palibe khoti lozikakamiza.

Pamene zimavuta

Kunja nakonso kuli minga. Thumba la Libya, limene Muammar Gaddafi anakhazikitsa mu 2006, linataya madola oposa 1 biliyoni pa mapangano ovuta kumvetsa amene linagula kwa Goldman Sachs. Linakasuma ku London, n'kuluza mlandu mu 2016. Chuma chake china chinatsekedwa ndi United Nations mu 2011. Kwa anansi athu, kampani ya thumba lomweli, LAP Green, inagula 75 peresenti ya Zamtel mu 2010, koma boma la Michael Sata litalowa linalanda kampaniyo mu Januwale 2012 ponena kuti kagulitsidwe kake kanali kachinyengo. Mu 2022 maiko a azungu anatsekera Russia ndalama za banki yake yaikulu pafupifupi madola 300 biliyoni. Chuma chili m'dziko la eni chimadalira kuti eniwo mukhale nawo bwino.

Komabe matumba ambiri amene anafa anaphedwa ndi akwawo. Ku Malaysia, ofufuza a ku America anapeza kuti madola pafupifupi 4.5 biliyoni anabedwa m'thumba la boma lotchedwa 1MDB, ndipo nduna yaikulu yakale Najib Razak inalowa m'ndende mu 2022. Ku Angola thumba la madola 5 biliyoni la mu 2012 linapatsidwa kwa mwana wa pulezidenti José Eduardo dos Santos kuti aliyendetse, mpaka João Lourenço anadzamuchotsa mu 2018. Ku Chad, thumba la mibadwo ya m'tsogolo limene World Bank inaumirira polipira nawo paipi ya mafuta linathetsedwa ndi aphungu kumapeto kwa 2005, boma likufuna ndalamazo lero. Ngakhale Botswana, imene Pula Fund yake ya ndalama za dayamondi inkatamandidwa mu Africa monse, yakhala ikutapa mpaka gawo la boma kutsala pang'ono kuuma, msika wa dayamondi utafooka.

Chifukwa chake safika kuno mwachindunji

Tsono n'chifukwa chiyani mwa mathililiyoni onsewa, zofika ku Chikwawa ndi Nsanje ndi madontho odzera m'makampani a ena? Choyamba ndi kukula. Thumba la madola mabiliyoni mazanamazana silingataye nthawi ya akatswiri ake pa bizinesi ya madola 5 miliyoni, chifukwa ngakhale itapindula kawiri sizingaoneke m'mabuku. Msika wathu wa masheya uli ndi makampani osakwana 20, ndipo masheya ogulitsidwa pa tsiku ndi ochepa moti wogula wamkulu angakweze mtengo yekha polowa n'kuugwetsa yekha potuluka. Kenaka pali funso limene aliyense woika ndalama amafunsa asanafunse za phindu: ndikadzafuna kutulutsa zanga m'madola, ndidzawapeza? Kwa zaka zingapo tsopano yankho la Malawi lakhala mzere wa kubanki. Onjezanipo njanji imene inaduka ku Chiromo mu 1997, ndi namondwe Ana amene mu Januwale 2022 anazimitsa Kapichira, mamegawati pafupifupi 130, kwa nthawi yoposa chaka.

Akabwera mu Africa amatsata zazikulu zolipidwa m'madola. Thumba la Abu Dhabi lotchedwa ADQ linagwirizana ndi Egypt za madola 35 biliyoni mu 2024, makamaka pa malo a m'mbali mwa nyanja a Ras El Hekma. Kampani ina ya ku Abu Dhabi, International Resources Holding, inatenga 51 peresenti ya mgodi wa kopa wa Mopani ku Zambia pa madola 1.1 biliyoni. DP World ili pa doko la Maputo, ndipo mu 2023 inasaina zaka 30 pa doko la Dar es Salaam, kumene katundu wathu wambiri amadzera.

Ndalama za maboma akunja zimene timaziona ndi maso m'chigwa muno ndi za mtundu wina, ndipo apa ndi pamene anthu amasokoneza. Norway yomweyo ili ndi kathumba kena, Norfund, ka 1997, kamene ntchito yake ndi kuika ndalama m'maiko osauka. Britain ili ndi British International Investment, yomwe kale inkatchedwa CDC. Awiriwa ali m'gulu la eni ntchito yomanga malo opangira magetsi a mamegawati pafupifupi 350 ku Mpatamanga, kumtunda kwa Kapichira, pamodzi ndi EDF ndi TotalEnergies za ku France. Awa amalolera ngozi imene thumba la mafuta silingalolere, komabe nawo amafuna ndalama zawo zibwerere ndi phindu, ndipo phindulo lidzachokera mu mtengo wa magetsi. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira, yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000 mpaka ku Bangula, ikulipiridwa makamaka ndi World Bank ndi African Development Bank, zina thandizo, zina ngongole.

Madziwo akadzafika m'minda yonse, n'kutheka kuti ofuna chakudya aja adzayamba kusuzumira kuno. Alimi a ku Kasinthula ndi Phata akudziwa kale kuti kugwira ntchito ndi wogula mmodzi wamkulu kuli ndi zokoma ndi zowawa. Mlendo akadzabwera atanyamula dzina la thumba la boma lina, makopaletivi ndi mafumu adzafunika kudziwa ngati akufuna gawo la bizinesi kapena nthaka yeniyeniyo, kwa zaka zingati, ndipo zokolola zidzagulitsidwa kuno kapena zidzakwera sitima ngakhale chaka cha njala.

Nanga lathu?

Kutsidya kwa malire a Marka ayamba kale. Mozambique inayamba kugulitsa gasi wa ku Rovuma mu Novembala 2022, ndipo kumapeto kwa 2023 aphungu anavomereza lamulo la thumba lawo: pa zaka 15 zoyambirira, 40 peresenti ya ndalama za gasi izipita m'thumba, 60 ku bajeti, kenaka azidzagawa pakati. Woyendetsa ndi banki yawo yaikulu. Kwa dziko limene linagwedezeka ndi ngongole zobisika za madola 2 biliyoni zimene zinaululika mu 2016, mayeso ake adzakhala ngati nzika zidzaone mabuku.

Kwathu kuno nkhani ya thumba lotere yakhala ikumveka pakamwa pa atsogoleri, maso ali pa migodi ya Kayelekera, Kasiya, Kangankunde ndi Songwe Hill. Ine sindikutsutsa, koma masamu ake ndi ouma. Norway inayamba kusunga ili kale ndi misewu, masukulu ndi zipatala, bajeti yake ili ndi zotsala. Boma lathu limakongola m'mabanki a m'dziko momwemuno pa chiwongola dzanja chokwera, pomwe cha Reserve Bank chokha chinafika pa 26 peresenti mu 2024. Kusunga ku New York pa 6 peresenti uku ukukongola kwanu modula chonchi, ngakhale titachotsapo kugwa kwa kwacha, si nzeru yodziwikiratu. Chimene chingatithandize msanga ndi kathumba kodzitetezera, kosungidwa m'madola, kokhala ndi lamulo lomveka la nthawi yotapamo: mtengo wa miyala ukagwa, kapena Freddy wina akadzakokolola Makhanga ndi milatho ya ku East Bank.

Ndipo thumba lisanabadwe pamafunika choikamo. A Norway amatenga 78 peresenti ya phindu. Ife pamene Paladin inkakumba uranium ku Kayelekera, kuyambira 2009 mpaka 2014, boma linali ndi gawo la 15 peresenti, koma linatsitsa msonkho wa pa mtengo wa miyala kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 m'zaka zoyambirira, kenaka 3, ndipo mgodiwo unaimitsidwa mtengo wa uranium utagwa. Tiwerengere pa 5 peresenti yonseyo. Mgodi wogulitsa miyala ya madola 100 miliyoni pa chaka ungapatse boma madola 5 miliyoni. Onsewo ataikidwa m'thumba, osakhudzako, n'kutsata lamulo la Norway lotapa 3 peresenti, chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo ingakhale ndi madola 150,000 oti igawire maboma onse 28.